Mpango Umene Unavulidwa Pakati pa Msewu

Tereza, tabwera nayo kuno nsaluyo. Ayi, usaiponye pa mulu wa zopukutira mota ya Zeka, njinga yake yamoto ija. Ndikuona kuti yasuluka, njenjete nazo zaichita zake, koma imeneyo si sanza. Khalani pansi nonse, katundu wa agogo anuyo sathawa, ndipo alendo akubwera mawa, osati lero. Iwe Zeka, telefoniyo ika m'thumba. Ikalira uiuze kuti vovo, agogo ako aamuna, akulankhula.

Umenewu ndi mpango wakuda umene agogo anu a Nangozo, amene tawaika m'manda chaka chathachi, anavala pa imfa ya mwamuna wawo woyamba. Ee, musanditong'olere maso choncho, ine sindinali woyamba. Ndinali wachiwiri, ndipo uchiwiri wangawo ndinaudikira mpaka maiko akuluakulu atatopa kukangana. Inu mumayesa nkhani za maiko akunja ndi za anthu a mataye a pa televizau. Ine zinandiletsa kukwatira.

Ndili mnyamata, kuno ku Tsangano kunali munda waukulu wa boma, wa kachewere ndi tirigu. Ntchito yanga inali yokweza matumba m'galimoto. Pamundapo panali azungu amene tinkawatcha makoperante, ochokera ku maiko a kum'mawa kwa Ulaya, amene panthawiyo anali abwenzi a boma lathu. Anabwera ndi makina olimira ophokosa ngati mabingu, ndi nsomba za m'zitini zolembedwa zilembo zooneka ngati zagona chagada. Nsombazo zinali zamchere kwambiri, koma ife tinkanyambita ndi chitini chomwe, kenako n'kuchisandutsa koloboyi. Inu simuidziwa koloboyi, nyale ya kachingwe yofuka utsi, yodetsa m'mphuno. Mumangodina pakhoma basi.

Pa misonkhano tinkauzidwa bwinobwino kuti abale athu ndi ati, adani athu ndi ati. A kum'mawa abale, a ku Joni adani, a ku Amereka adani, ndipo Malawi ndi mnansi woti uzimuyang'ana ndi diso limodzi. Ife tinkaomba m'manja, msonkhano ukatha n'kuwoloka msewu kukagula mchere kwa mnansi yemweyo. Pajatu malire athu ndi msewu womwewu mumathamangitsapo mota: uku Mozambiki, uko Malawi, ndipo nkhuku zimadya konsekonse. Nkhondo itayamba kuyandikira, ife onyamula matumba anatipatsa mfuti kuti ndife milisiya, alonda a munda. Mfuti yangayo sindinaombere ngakhale njiwa, koma dzinalo linandimatirira. Sungani mfundo imeneyi, muionanso kutsogoloku.

Agogo anu ndinkawaona kutchalitchi, akuimba kutsogolo. Ndinkati ndikawalankhula Lamulungu likudzali, likafika n'kunena kuti linalo. Ndikuzengereza choncho, kunabwera mnyamata wa ku Chidzolomondo, ku Makanga, dzina lake Dumingu, kalipentala wa pamunda paja. Iye sanadikire Lamulungu. Ndinayesetsa kumuda koma sizinatheke, anali munthu wabwino, ndipo chitseko cha nyumba ya amayi anga anakonza ndi iyeyo osalandira kanthu.

Ukwati wawo unayenda mwa mwambo. Inu a masiku ano mumafunsirana pa telefoni, kusiyananso pa telefoni pomwepo, ndiye mverani. Ukwati unkakhala ndi ankhoswe awiri, wa kuchimuna ndi wa kuchikazi. Awiriwo ankadya nkhuku imodzi pamaso pa anthu, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibe chimene chinkamangidwa kapena kumasulidwa m'banjamo popanda iwo. Wa kuchikazi anali a Fabiyano, mlongo wawo wa agogo anu, amenenso anali sekeretariyu wa boma m'mudzi mwathu. Wa kuchimuna anali a Mateyu, amalume a Dumingu, amene anayenda wapansi kuchokera ku Chidzolomondo atanyamula nkhukuyo m'khwapa.

Banjalo silinakhalitse. Dumingu anamva kuti amayi ake akudwala, nanyamuka kukawaona. Panjira anakumana ndi asilikali a m'tchire, amene ankamenyana ndi boma. Iwowo akagwira munthu ankamusenzetsa katundu wawo mtunda wautali, ndipo Dumingu atatopa anagwa, osadzukanso. Uthenga unabwera ndi munthu wina amene anasenza naye limodzi n'kuthawa. Panalibe mtembo, panalibe manda, panalibe wa kuchimuna aliyense woti alire nafe. Agogo anu anang'amba nsalu yakuda, namanga kumutu mpango uwu.

Pasanapite nthawi nkhondo inafika pakhomo. Makoperante anali atapakira kale, makina awo atangoti mbwee m'munda. Ife tinanyamula mphika, mkeka ndi ana, n'kuwoloka msewu. Ulendo wothawa dziko wa anthu ena unali wa masabata, wathu unali ngati wopita kudimba. Tinamanga misasa ya udzu tsidya lija, ndipo mwezi wa maluwa ukafika tinkaona mitengo yathu ya mapichesi itachita maluwa kwathu kuno, koma osatha kukathyola. Chimenecho chinkawawa kuposa njala. Tinkadya mgaiwa wachikasu wa thandizo, wonunkha ngati chakudya cha nkhuku, ndipo tikayang'ana pa matumba tinkapeza zizindikiro za maiko aja tinkauzidwa kuti ndi adani. Abale athu a nsomba za m'zitini sitinawaonenso.

Itagwa mvula ina n'kutha, ndinati ulendo uno sindidikira Lamulungu. Ndinawapeza agogo anu akukumba kachewere wa ganyu m'munda wa Mmalawi wina, ndipo ndinanena mawu anga khasu lili m'manja. Iwo anaongoka, napukuta manja pa chitenje.

"A Benado, sindikukukanani," anatero. "Koma m'banja muja ndinalowa ndi ankhoswe awiri, ndipo nditulukamo ndi ankhoswe awiri. A Mateyu akadzandisudzula, mudzabwerenso."

Kusudzula, ana inu, ndi pamene a kwawo kwa womwalira amabwera kudzamasula wotsalayo. Amamuvula zakuda, kumumeta, n'kumuuza pamaso pa anthu kuti m'bale wathu unamusunga bwino, tilibe nawe chifukwa, pita mwaufulu. Popanda zimenezo wamasiye amakhalabe mkazi wa womwalirayo. Ndinauza agogo anu kuti ngakhale a padiri, ansembe athu, avomera kutidalitsa, popeza imfayo ili ndi mboni. Iwo anati a padiri sanadye nawo nkhuku.

Poyamba ndinaona ngati nkhani yapafupi. Masiku amenewo anthu a mbali ya m'tchire ankatulukira tsidya la Malawi mosavuta, kudzasinthitsa malata ndi mbuzi ndi mchere kapena sopo, ndipo palibe ankawafunsa zambiri. Panali mayi wina wamalonda a mchere amene ankadziwa tinjira tonse mpaka ku Chidzolomondo. A Fabiyano anamutuma, ndipo patapita miyezi anabwera ndi yankho. A Mateyu anali moyo, anamva zonse, ndipo anati akangokolola abwera. Anawonjezanso kuti a m'tchire anawaika kukhala osonkhetsa ufa wa asilikali m'mudzi mwawo, ntchito imene munthu sankaikana ngati akufuna kuona mawa. Ine ndinayamba kudula mitengo ya nyumba.

Chimanga chisanaume, akuluakulu anakangana. Boma lathu, pamodzi ndi maboma ena oyandikana nalo, linaloza chala Malawi kuti ndiye khomo la kuseri la a m'tchire, ndipo linati likhoza kutseka malire. Malawi alibe nyanja ya mchere, katundu wake amadutsa kwathu, ndiye anaona kuti apa pavuta. Anatembenuka, mpaka anatumiza asilikali ake kukalondera njanji m'dziko lathu. Kuyambira pamenepo munthu wodziwika kuti amathandiza a m'tchire akaponda tsidya lija ankagwidwa. A Mateyu anatumiza mawu akuti sangathenso kuwoloka, ife ndiye tipite. Nanga akanapita ndani? A Fabiyano, sekeretariyu wa boma, akanangofika pa mtsinje woyamba n'kugwidwa ndi a m'tchire. Ine mkamwini wosavomerezeka ndinalibe mawu pa mwambowo, ndipo ndi dzina lija la milisiya sindikanabwerako. Mitengo yanga ya nyumba inadyedwa ndi chiswe ili pansi.

Apa ndi pamene ndinasanduka katswiri wa za maiko. Pa loja, kasitolo ka Mmalawi wina, panali radiyo, ndipo ine ndikaweruka ku ganyu ndinkakhala pakhonde pake mpaka mwini wake atseke. Ndinaphunzira maina a mizinda imene sindidzaiona. Ndikamva kuti wa ku Amereka wagwirana chanza ndi wa ku Rasha, ndinkathamangira kwa a Fabiyano kukawafunsa ngati chanza chimenecho chingatsegule njira ya ku Chidzolomondo. Anzanga anandipatsa dzina loti Minisituru. Ndikamadutsa ankati, a Minisituru, za kunja zikuti bwanji lero, tiphike thobwa? Ndinkaseka nawo, koma m'kati ndinkapsa. Anzangawo ana awo anali atayamba kale sikola.

Chaka china kunabwera asilikali a ku Zimbabwe, amene ankathandiza boma lathu chifukwa nawonso katundu wawo ankadutsa kwathu. Anabwera ndi ndege, napitikitsa a m'tchire m'matauni. M'misasa anthu anavina, nanenso ndinavina, ndimvekere basi zatheka. Kenako mayi wamchere uja anabwerako chimanjamanja. Mudzi wa a Mateyu unali bwinja, anthu onse atawakusira ku mapiri a cha ku Furankungo, ndipo palibe ankadziwa amene ali moyo. Chimene chinasangalatsa dziko ine chinandibweza m'mbuyo.

A Fabiyano anandimvera chisoni. Anafufuza m'misasa monse mpaka anapeza msuweni wina wa Dumingu, wa kutali ndithu, munthu wokonda kachasu, amene anavomera kuti iye akhoza kusudzula lero lomwe. Anabwera naye atamubwereka jekete. Agogo anu anamuyalira mkeka, namupatsa madzi akumwa, namufunsa za kumudzi mwaulemu wonse. Kenako anatembenukira kwa mlongo wawo.

"Achimwene, tsiku lija nkhuku munadya ndi awa?"

Munthu uja anavula jekete n'kumapita. Ine ndinakwiya, sindibisa. Amayi anga anali atandipezera kale mtsikana wina wa ku Ntcheu, ndipo tsiku lililonse ankandiimbira nyimbo imodzimodzi yoti afa osanyamula mdzukulu. Ndinapita kwa agogo anu n'kuwafunsa kuti nanga a Mateyu akamwalira, tidzatani? Iwo anati Dumingu anafa ngati galu panjira, wopanda womulira, ndipo chinthu chimodzi chokha chimene chinatsala choti amuchitire ngati munthu ndi chimenechi. Anati ngati ndatopa ndikwatire, sadzandisungira mangawa. Akunena zimenezo misozi inali m'maso, ndipo ndinadziwa kuti nawonso kudikirako kunkawapweteka. Mtsikana wa ku Ntcheu anakwatiwa ndi wina, ine ndinabwerera pakhonde la radiyo. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma amene ananena mawuwo sanatchule kuti udzamera imvi uli chiyang'anire.

Ndiye dziko linatembenukanso. Tinamva kuti dziko lalikulu lija la nsomba za m'zitini lagawikana, ndipo silingathenso kutumiza mfuti kwa boma lathu. Anyamata athu amene anapita kukagwira ntchito ku Jeremani anabwezedwa, ena atanyamula mafiriji opita nawo ku midzi yopanda magetsi. A ku Joni nawo zinawavuta kwawo, nayamba kuumira dzanja lodyetsa a m'tchire. Chilala chinabwera pamwamba. Mbali zonse ziwiri zinatsala ngati ana omenyana amene makolo awo alowa m'nyumba. Radiyo inati ayamba kukambirana ku Ulaya, ndipo pakati pawo pakhala anthu a tchalitchi. Ndinauza a Fabiyano kuti mwaona, nawonso apeza kuti popanda nkhoswe sizitheka. Koma kukambiranako kunali kwa kamba. Mwezi uno agwirizana, mwezi wa mawa wina wanyanyala.

Nthawi ya mphepo yozizira, chimanga chitalowa m'nkhokwe za amene anali nacho, mayi wamchere anatulukira ndi mawu. A Mateyu anapezeka. Anali akudwala chifuwa, ndipo anati iwo sadikira cholembera cha ku Ulaya chifukwa sakudziwa ngati aona mvula. Anati tsiku la msika adzafika pamsewu, kumtunda kwa ogulitsa kachewere, koma phazi lawo silidzaponda Malawi. A Fabiyano anayankha kuti nalonso lawo silidzaponda Mozambiki.

Mwa mwambo ine sindinayenera kupezekapo. Wofunsira saonerera kusudzula, n'zochititsa manyazi. Ndiye ndinabwereka chidebe cha kachewere, n'kukhala kumapeto kwa mzere wa ogulitsa, chipewa nditachikokera kumaso.

Dzuwa lili pamutu a Mateyu anatulukira m'tchire, mkulu wowonda atatsamira ndodo, pamodzi ndi mlongo wake, amayi aang'ono a Dumingu. Mayiyo anavala nyanda, nsalu ya khungwa la mtengo, chifukwa kumeneko nsalu inali itatha kalekale. Anakhala pansi m'mphepete mwa msewu, mbali ya kwathu. A Fabiyano, agogo anu ndi amayi angapo anakhala mbali ya Malawi. Pakati pawo panali fumbi lokhalokha. Chapatali pang'ono panaima wapolisi wa Malawi ndi njinga yake, ndipo m'mitengo kuseri kwa a Mateyu tinkadziwa kuti muli maso ena, ngakhale sitinawaone.

Ankhoswe awiriwo anaombera m'manja, napatsana moni mokweza ngati anthu olankhulana patsidya pa mtsinje. Wina wa boma, wina wa m'tchire, koma za boma kapena za tchire palibe anatchula. A Mateyu anafotokoza kuti anayenda kufunafuna mpaka anapeza pamene mphwawo anagwera, ndipo anthu a pafupi anawaonetsa pamene anamukwirira, pansi pa mtengo wa msuku. Anati anaunjikapo miyala, napempherapo. Atanena zimenezo amayi a mbali zonse ziwiri anayamba kulira, maliro amene anachedwa zaka zonse zija. Galimoto ya kabichi inadutsa pakati, fumbi n'kuwakwirira onse, ndipo litatsika anali akulirabe.

Kenako panafika povuta. Mpango umavulidwa ndi dzanja la wa kuchimuna, ndipo dzanja silingatalike kudumpha msewu. Ndinaona agogo anu akuimirira, nayenda pang'onopang'ono mpaka pakati penipeni pa msewu, pamene pamamera kaudzu pakati pa mikwasa ya matayala, n'kugwada pamenepo. Amayi aang'ono aja anayang'ana kumitengo, nayang'ana wapolisi. Wapolisiyo anagwada naye pansi, natembenuza msana, n'kuyamba kukonza tcheni cha njinga chimene sichinaduke. Mayiyo anadzuka, nafika pakati paja, namasula mpangowo. Anatulutsa lumo m'kathumba, nawameta pomwepo, tsitsi likugwera m'fumbi limene sindidziwa kuti linali la dziko liti.

A Mateyu anaimirira ndi ndodo yawo. Mawu awo anali osasa, koma msika wonse unamva.

"Mayi, mwana wathu munamusunga ali moyo, mwamusunganso atafa. Ife tilibe nanu chifukwa. Pitani mwaufulu."

Atatero anatsokomola kanthawi, kenako anafunsa a Fabiyano ngati wodikirayo ndi uja wa chipewa, amene ogula atatu amuimirira iye osawaona. Msika wonse unaseka, ngakhale amene anali ndi misozi. Ine ndinafuna nthaka ing'ambike. Mkuluyo anandikodola, ndipo ndinafika m'mphepete mwa msewu, mbali ya Malawi, n'kugwada.

"Mwadikira, bambo," anatero. "Mukawasunge."

Anatembenuka n'kulowa m'tchire muja, mlongo wawo atanyamula kathumba ka mchere ndi chitenje chimene agogo anu anamuveka. Sitinawaonenso. Mvula isanagwe tinamva kuti a Mateyu amwalira, ndipo patangopita nthawi pang'ono radiyo inalengeza kuti ku Ulaya kuja asainirana. Anthu anavina usana wonse. Ine ndinavina pang'ono chabe, chifukwa ndinali wotanganidwa kufolera nyumba. Bambo ako iwe Zeka anabadwira tsidya lija, ndipo tinawoloka nawo msewu ali kumsana pobwerera kuno.

Tsopano mwamva chifukwa chake katunduyu tikumulongosola lero. Alendo a mawa ndi a kwawo kwa agogo anu. A Fabiyano anapita kale, ndiye akubwera mwana wawo wamkulu, amene analowa unkhoswewo. Akubwera kudzandisudzula ine. Anaimba telefoni dzana, mawu ochepa chabe, kuti tifika Loweruka pa mota, mukonzeke. Palibe malire otseka, palibe woyang'ana m'mitengo, palibe radiyo yoti ndiimvere. Mawu amene kale ndinawalirira zaka zonse zija, lero akubwera okha mofulumira chonchi, ndipo ine sindikuwafuna. Adzati pitani mwaufulu, koma ine ufulu umenewo ndipita nawo kuti? Ndimawasowa agogo anu, ana inu, ndimawasowa m'mawa uliwonse.

Koma ndidzakhala pa mkeka, ndipo ndidzawerama kuti andimete, chifukwa mwini mpangowu akanakhalapo sakanandilola kuthawa mwambo. Zovala zinazo agawane mmene afunira. Uwu wokha, Tereza, upinde bwino, uike pansi pa pilo wanga. Akafunsa, udzati a Minisituru akana.